Tifunseni: Za mfuti zam'manja za zipolopolo zikuluzikulu

Mwezi uno makalata anayi ochokera m'boma la Mangochi akumana pa nkhani imodzi, ya mfuti zam'manja za mtundu wa revolver, makamaka zija zoponya zipolopolo zikuluzikulu. Ndinene pasadakhale kuti ine mwini ndine mmodzi mwa okonda mfuti zimenezi, chifukwa ndinaphunzira kuzigwira pa zaka zimene ndinkagwira ntchito pafamu ya nyama zakutchire ku South Africa, ndipo chikondi chomwecho n'chimene chikundichititsa kuyankha mosapsatira.

FUNSO: Akulu, kwathu ndi ku Namwera koma ndatha zaka 4 ndikugwira ntchito pafamu ya ng'ombe ku Limpopo. Bwana wanga amayenda ndi mfuti yam'manja yolemera imene amaitcha .44 Magnum, ndipo amaisamala ngati mwana wakhanda. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti imalowa zipolopolo 6 zokha, pamene pisito za apolisi akuno zimalowa zoposa 10. Kodi anthu amaikondera chiyani, nanga manambala amenewa amatanthauzanji? Wowerenga wa ku Namwera.

YANKHO: Achimwene, tiyambe ndi manambalawo chifukwa ndiwo amasokoneza anthu ambiri. Nambala ya .44 imanena za kukula kwa chipolopolo poyeza ndi inchi, ngakhale kuti dzinali n'lokokomeza pang'ono, popeza chipolopolo chenichenicho n'chotambalala mamilimita pafupifupi 11. Chimalemera magalamu oposa 15, pamene cha 9mm chimene chimalowa m'pisito zambiri za apolisi chimalemera magalamu 8 okha. Liwu lakuti Magnum limasonyeza kuti m'khoko la mkuwa limene mumakhala wonga amaikamo wonga wochuluka, choncho chipolopolo cholemeracho chimatuluka pa liwiro la mamita oposa 400 pa sekondi, ndipo mphamvu imene chimafika nayo imaposa kawiri ya chipolopolo cha 9mm.

Mfuti imeneyi sanaipangire asilikali kapena apolisi. Inachokera kwa mlimi wa ng'ombe ngati bwana wanuyo, Elmer Keith wa ku Idaho m'dziko la America, amene ankatha masiku ali pahatchi m'mapiri momwe muli zimbalangondo, ndipo ankafuna mfuti yoti izikhala m'chiuno manja ake akugwira chingwe kapena nkhwangwa. Kwa zaka zambiri iye ankawonjezera yekha wonga m'zipolopolo zakale zofatsa za .44 Special, kwinaku akukakamiza makampani kuti apange mfuti yolimba yopirira mphamvu yotero. Kumapeto kwa 1955 kampani ya Remington inapanga chipolopolocho ndipo ya Smith & Wesson inapanga mfuti yake, imene pambuyo pake inadziwika kuti Model 29. Mu 1956 kampani ya Ruger inatulutsanso yake yotchedwa Blackhawk. Zaka 20 izi zisanachitike, mu 1935, kunali kutabwera kale .357 Magnum, yocheperapo koma imene mpaka lero ambiri amaiona kuti ndiyo yoyenera ntchito zosiyanasiyana. Mpikisano sunathere pamenepo, chifukwa mu 1983 kampani ya Freedom Arms inayamba kugulitsa mfuti za .454 Casull, ndipo mu 2003 Smith & Wesson inatulutsa .500 Magnum, chimfuti cholemera makilogalamu 2 chimene chimalowa zipolopolo 5 zokha chifukwa zisanu n'chimodzi sizingakwanemo. Kutchuka kwa .44 Magnum pakati pa anthu wamba kunabwera ndi filimu ina ya apolisi ya mu 1971, ndipo ambiri amene anaigula chifukwa cha filimuyo anazindikira msanga kuti kuiombera si nkhani yamasewera.

Tsono chimene amaikondera ndi ichi. Pisito imadalira mphamvu ya chipolopolo chimene mwaombacho kuti itaye khoko ndi kulowetsa china, ndiye ngati wonga wachepa mphamvu, kapena fumbi ndi mchenga zalowa m'kati, imatha kukakamira. Revolver siidalira zimenezo. Zipolopolo zake zimakhala m'silinda, chitsulo chobulungira cha mabowo 6, chimene chimazungulira ndi mphamvu ya chala chanu pamene mukukoka hamala, kachitsulo kakumbuyo komenya chipolopolo, kapena kukhethemula. Chipolopolo china chikakana kuphulika, silinda imabweretsa chotsatira popanda kukonza chilichonse. Pa chifukwa chomwechi mfuti imodzi imalandira zipolopolo zamphamvu zosiyana: mu .44 Magnum mumalowanso .44 Special yofatsa yophunzirira, monganso mu .357 Magnum mumalowa .38 Special, ndipo ziliponso zodzaza ndi timanjere tachitsulo zophera njoka pafupi. Mlimi amene ng'ombe yake yathyoka msana kutali ndi nyumba amafuna chipolopolo chimodzi cholemera chothetsa ululu wa nyamayo nthawi yomweyo, osati zipolopolo 15. Asodzi ndi oyenda m'nkhalango za ku Alaska amanyamula mfuti zotere pachifuwa poopa zimbalangondo, moti Ruger inachita kupanga ina ya mpope waufupi n'kuitcha Alaskan. Palinso alenje amene amasankha dala mfuti yam'manja chifukwa imawakakamiza kunyang'ama mpaka kufika pafupi ndi nyama, mamita 50 kapena kucheperapo, akuyang'ana kumene mphepo ikulowera ndi kuponda mosaswa tsamba. Ulenje wotero uli pafupi ndi wa makolo athu a uta ndi gogodela kusiyana ndi wa munthu woombera nyama ili kutsidya kwa dambo, ndipo ine ndimaulemekeza kwambiri.

Tsiku loyamba kuombera .44 Magnum sindidzaliiwala. Mkulu amene ankandiphunzitsa anayamba waika pepala pambali pa mfuti, pamalo pamene silinda imakumana ndi mpope, kenaka anaomba. Pepalalo linang'ambika ngati lalumidwa ndi galu ndipo m'mbali mwake munada ndi utsi. Anandiuza kuti pampata umenewo, wopyapyala ngati tsitsi lochepa, pamatuluka moto wokhoza kung'amba chala mpaka fupa, choncho dzanja lamanzere lisamadutse kutsogolo kwa silinda. Nditaomba ine, mpope unadumphira kumwamba, chikhatho chinachita dzanzi ngati ndamenya mwala ndi mpini wa khasu, ndipo mphepo yake ndinaimva m'mano. Zimene zinandikopa si phokosolo, koma zimene zinatsatira miyezi ingapo pambuyo pake, nditaphunzira kukhethemula pang'onopang'ono osaphethira, pamene chitini cha penti chimene chinali pa mamita 50 chinayamba kugwa nthawi iliyonse. Mfuti imeneyi imaulula cholakwa chilichonse cha woigwira, ndipo amene aizolowera amakhala ataphunzira kudekha. Ndinalipiranso mtengo wake, chifukwa tsiku lina ndinaomba kawiri ndisanavale zotseka m'makutu, ndipo khutu langa lamanzere limalira ngati nyenje mpaka lero. Phokoso la mfuti zimenezi limaposa madesibelo 160, pamene makutu a munthu amayamba kuwonongeka nthawi yomweyo phokoso likapyola 140.

Ngati bwana wanuyo angalole kukutengerani kumalo ovomerezeka ophunzirirako kuombera, pitani ndipo muyambe ndi zipolopolo zofatsa. Koma musadzayerekeze kulongedza mfuti kapena chipolopolo ngakhale chimodzi m'katundu pobwera kumudzi pa basi, chifukwa kulowa nazo pachipata cha Mwanza kapena Dedza popanda chilolezo ndi mlandu waukulu, ndipo chiphaso cha ku South Africa sichigwira ntchito kuno.

FUNSO: Bambo, ndili ndi dimba la chimanga ndi mpunga m'mphepete mwa nyanja ya Malombe. Chaka chino mvuu zalowa katatu ndipo theka la munda latha. Mphwanga akuti ilipo mfuti yam'manja yaikulu imene imagwetsa nyama iliyonse, ngakhale njovu, ndipo akundilimbikitsa kugulitsa ng'ombe kuti ndiipeze. Kodi n'zoona? Mlimi wa kwa Chimwala.

YANKHO: Bambo, pepani kwambiri ndi chipsinjo chimenechi, chifukwa amene sanadzukepo m'mawa n'kupeza mapesi okhaokha ndi mapazi a mvuu m'matope sangamvetse ululu wake. Komabe ng'ombe yanuyo musagulitse. N'zoona kuti alenje ena akunja anaphapo nyama zikuluzikulu za mu Africa ndi mfuti zam'manja za .454 kapena .500, koma anatero masana, atatha zaka akuphunzira, ndipo pambali pawo panali katswiri atagwira mfuti yaitali kudikira kuti zinthu zikavuta amalize ndi iyeyo. Mfuti yaitali ya .375 H&H Magnum, imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912, ndiyo imene mayiko ambiri a mu Africa amaiwerengera kuti ndi poyambira posaka nyama zoopsa, ndipo mphamvu yake imaposa ya .44 Magnum pafupifupi kanayi. Ngakhale .500 Magnum, imene mphwanuyo ayenera kuti akunena, siifika pamenepo.

Ganizirani mmene zingakhalire kudimba kwanuko. Ndi usiku, udzu ndi wautali, m'dzanja lina muli tochi, ndipo kutsogolo kwanu kuli nyama yolemera makilogalamu oposa 1,000, ya chikopa chokhuthala ndi ubongo waung'ono wobisika m'chigaza cholimba. Mvuu ikadzidzimuka imathamangira kumadzi pa liwiro loposa la munthu, ndipo aliyense amene waima panjira yake imamupitirira. Chipolopolo chanu chikalowa m'mimba kapena paphewa, mvuuyo siigwa pomwepo. Imabwerera m'nyanja ndi bala, ndipo amene adzakumane ndi ukali wake ndi msodzi wa pabwato m'mawa mwake, kapena amayi ochapa ndi ana otunga madzi padooko.

Palinso lamulo. Mvuu ndi nyama yotetezedwa pansi pa lamulo la National Parks and Wildlife Act la mu 1992, limene zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2017 mpaka kufika zaka 30 m'ndende pa nyama zina monga njovu ndi chipembere. Chiphaso chokhala ndi mfuti si chilolezo chophera nyama. Njira imene lamulo linaika ndi yokanena kwa akuluakulu a nthambi yoona za malo osungirako nyama zakutchire, amene kumudzi timangowatcha agemu, ndipo iwo ndiwo ali ndi mphamvu yoona ngati nyamayo iyenera kuthamangitsidwa kapena kuphedwa. Ndikudziwa kuti mudzati amachedwa, ndipo nthawi zina amachedwadi. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti musapite nokha. Pitani ndi anyakwawa pamodzi ndi alimi anzanu, mutalemba masiku amene mvuu zinalowa ndi kukula kwa malo owonongeka, ndipo mukasiye kalata imodzi kwa agemu, ina kwa alangizi a zaulimi, ina kwa bwanamkubwa. Anthu a ku Phirilongwe m'boma lanu lomwelo anazunzika zaka zambiri ndi njovu, ndipo chimene chinathetsa vutolo si mfuti za m'midzi koma kusamutsidwa kwa njovu 83 kupita ku Majete mu 2009.

Podikira thandizo, kumbukirani kuti mvuu ili ndi miyendo yaifupi ndipo siidumpha. Ngalande yakuya ya m'mbali mochita phompho, kapena mpanda wa mitengo yolimba yozikidwa mothithikana, zimaitchinga kuposa mmene ambiri amaganizira, makamaka minda yoyandikana ikatchingidwa pamodzi ndipo pakasiyidwa mpata wa msipu pakati pa madzi ndi mbewu. Ndalama ya ng'ombe imodzi ingakumbitse ngalande yaitali ndithu.

FUNSO: Akulu, ndimagula nsomba ku Monkey Bay ndi ku Makanjira n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo nthawi zambiri ndimayenda usiku ndi ndalama zambiri. Ndikufuna kupempha chiphaso cha mfuti. Anzanga akuti ndisankhe yaikulu kwambiri kuti wakuba akangoiona athawe. Mukuti bwanji? Wamalonda wa pa Mangochi boma.

YANKHO: Bambo, njira yopempha chiphaso imene mwasankhayo ndiyo yoyenera. Lamulo la Firearms Act la mu 1967 limafuna kuti munthu apeze chilolezo asanagule mfuti, ndipo kaundula wa mfuti zonse ali m'manja mwa apolisi, ku likulu lawo ku Area 30 mu Lilongwe. Yambirani papolisi ya kwanuko, ndipo muyembekezere kufufuzidwa mbiri yanu, kufunsidwa chifukwa chimene mukuifunira ndi malo amene mudzaisunge. Chiphasocho chimafunika kuchikonzanso nthawi yake ikatha, ndipo mfutiyo ndi ya inu nokha, osati yobwereketsa kwa dalaivala kapena mlonda.

Koma uphungu wa anzanuwo sindikugwirizana nawo. Zipolopolo za .44 Magnum anazipangira kuboola chikopa, mnofu ndi mafupa a nyama yaikulu, choncho zimatha kupyola chitseko cha galimoto kapena khoma la nyumba n'kukapweteka munthu amene simunamuone n'komwe. Mukaiomba muli m'galimoto, phokoso lake lingakugonthetseni, ndipo usiku moto wotuluka kumpope umakuthobwani m'maso kwa kanthawi pamene mukufunika kuona bwino. Kukankha kwake kumachedwetsa kuomba kachiwiri. Kulemera kwake, kilogalamu imodzi ndi theka ikadzazidwa, kumatopetsa chiuno pa kutentha kwa Okutobala kunyanja, ndipo mapeto ake mfuti yolemera imasiyidwa pansi pa mpando wa galimoto, pamene imabedwa mosavuta. Ngakhale ku America, pa zaka zimene apolisi ambiri ankanyamula ma revolver, ankanyamula a .38 Special ndi .357 Magnum, osati akuluakuluwa. Onjezani apo kuti zipolopolo zake n'zodula ndi zosowa kuno, ndipo munthu amene sangakwanitse kuphunzira kuombera kawirikawiri sadzailamulira mfuti yotere.

Maganizo akuti wakuba akaiona athawa ndi oopsa kwambiri, chifukwa mfuti si chinthu choopsezera. Mukaitulutsa ndiye kuti mwafika poti moyo wanu uli pachiswe ndipo mwakonzeka kukayankha kukhoti pa chilichonse chimene chipolopolocho chidzachite. Walira mvula walira matope, ndipo matope a mfuti ndi bokosi lachitsulo lokhoma kunyumba, kusamwa mowa muli nayo, kuugwira mtima pamkangano wa pamsika, ndi kuipukuta ndi mafuta sabata iliyonse chifukwa chinyezi cha kunyanja ndi thukuta zimadyetsa chitsulo dzimbiri msanga. Musanafike konseko, chepetsani ndalama zimene mumayenda nazo pogwiritsa ntchito banki ndi ndalama za pafoni, ndipo muzisinthasintha masiku ndi nthawi za ulendo wanu.

FUNSO: Bambo, potsegula sutikesi yachitsulo ya malemu agogo athu aamuna, amene anali msilikali nthawi ya atsamunda, tapeza mfuti yam'manja yokulungidwa m'nsanza ya mafuta. Pambali pake palembedwa kuti Webley, ndipo pali zipolopolo 4 zobiriwira ndi ukalamba. Abale ena akuti tiiponye m'chimbudzi, ena akuti tiiyese ngati ikugwirabe ntchito. Tichite chiyani? Mayi wa ku Malindi.

YANKHO: Mayi, musachite chilichonse mwa ziwirizi. Mfuti za Webley zinkapangidwa ku Birmingham, ndipo gulu lankhondo la Britain linayamba kuzigwiritsa ntchito mu 1887. Zambiri zinali za chipolopolo cha .455, cholemera koma choyenda pang'onopang'ono, ndipo mtundu wake wotchuka wa Mark VI unabwera mu 1915 nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati. Mfutiyi imatseguka mothyoka pakati, mpope n'kuweramira pansi, ndipo makoko onse 6 amatumphuka nthawi imodzi. N'kutheka kuti inadutsa m'manja mwa gulu la King's African Rifles, limene chipilala chake chili ku Zomba, ndipo ngati zili choncho ndi chuma cha mbiri ya banja lanu, monga mmene mzinga wa sitima ya Guendolen uja uli pafupi ndi nsanja ya wotchi pa Mangochi boma ulili chuma cha boma lonse.

Komabe pamaso pa lamulo ndi mfuti yopanda chiphaso, ndipo chiphaso cha malemu, ngati chinalipo, sichisiyidwa ngati chuma chamasiye. Kuiyesa n'koopsa chifukwa dzimbiri la m'kati silioneka ndi maso, zipolopolo zakale zimatha kuchedwa kuphulika kapena kutsamwa mumpope, ndipo n'kutheka kuti m'silinda mukadali china. Kuiponya m'chimbudzi kapena m'nyanja kumangosiyira vutolo mwana amene adzaipeze mawa. Musainyamulenso nokha pa minibasi kupita nayo kupolisi, chifukwa mukakumana ndi chipikisheni panjira mudzavutika kufotokoza. Pitani chimanjamanja inuyo ndi mwinimbumba, mutatenga kalata ya amfumu yotsimikiza za malemuwo ndi mapepala awo a usilikali ngati alipo, mukanene zimene mwapeza kuti apolisi abwere okha kudzaitenga. Apempheni akulembereni chikalata chosonyeza nambala ya mfutiyo ndi tsiku limene ailandira, ndipo mungathe kufunsa ngati pali njira yoti iperekedwe kunyumba yosungirako zinthu zakale m'dzina la agogo anuwo. Kufikira atabwera, ibwezereni m'nsanza yake osakhudza pokhethemulira, mpope utaloza kukhoma lakunja kumene sikukhala anthu, mukhome sutikesiyo, ndipo kiyi akhale ndi inu.